Beseni la Amayi a Zuze

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi tsiku limene amayi anandisiyira nyumba koyamba, kwathu ku Marka, iwo atapita kudimba. Ndinkangozungulira pabwalo ngati mwini mudzi. Dzuwa lisanafike pamutu anatulukira Amayi a Zuze, mnzawo wa amayi wa kutsidya la Shire, atasenza beseni la milamba yowamba, fungo lake lokha lodzetsa malovu. Anatula, kumwa madzi, n'kunyamuka kuti akapeze bwato.

Mtima wanga sunakhazikike. Munthu watipatsa, ife tingokhala? Ndinakhuthula nsomba zija, kudzaza beseni ndi mapira mpaka pakamwa, ine liwiro, mchenga ukuotcha kumapazi, m'mutu ndikuti lero anditama.

Nditawapeza anayang'ana mapira, kenako ine.

"Akutuma ndi amayi ako?"

"Eya," ndinanama kuti zikome.

"Oo. Ndiye kuti ndinabwera kudzagulitsa."

Anasenza, osatsanzika.

Amayi atamva anaponya khasu pansi. "Mwana iwe, wandithetsera chibale! Ukabweza tsiku lomwelo, wamuuza munthu kuti tathana, asadzabwerenso." Tinathamanga tonse, chitenje chawo chikumasuka, ine ndikulira pambuyo. Padooko bwato linali litatsala pang'ono kudzaza. Amayi anagwada m'matope momwemo.

"Achemwali, ndabwera kudzalanda mapira anga. Ndi beseni lomwe."

Amayi a Zuze anaseka mpaka misozi. "Tengani. Koma kamwana kanuka kali ndi miyendo."

Beseni lija linakhala kwathu miyezi yambiri. Linadzawoloka Shire pamene madzi anakokolola munda wa Amayi a Zuze, lili ndi ufa, popanda woyeza.

Sabata yatha mwana wanga wa miyezi isanu anatentha thupi, maso kutembenuka, bambo ake ali kuntchito ku nzimbe. Amayi a Rute, oyandikana nawo nyumba, anandikweza panjinga mpaka kuchipatala, mwana ali kumsana, ine ndikungomumvetsera kupuma. Wachira, ngakhale dzanja langa silichoka pamphumi pake.

Titabwerako ndinagwira nkhuku, kuimanga miyendo, ulendo kwa Amayi a Rute. Ndili pakati pa njira mapazi anakumbukira mchenga uja. Ndinali kukawalipira, kuti zithe. Koma ine ndi mantha angawa, ndingafune kuti zithe?

Nkhuku ndinaimasula. Mpongozi wawo ndi woyembekezera, masiku ayandikira, ndipo ndimayang'ana khomo lawo m'mawa uliwonse. Njinga ndayamba kuphunzira dzana. Ndagwa kale kawiri.