Makatani a Nyumba Imene Sanagonemo

"Manje katundu uyu titsitsile kuti?"

Anafunsa ndi ba Nuria, ataima pageti la nyumba imene anakhalamo zaka makumi atatu ku Kabwata, mu Lusaka. Kumbuyo kwawo kunali kanta yodzaza mapoto, matilesi, zikwama ndi makina osokera. Galimotoyo inanyamuka pamalo omwewo m'mawa, anthu akubaibitsa. Tsopano inali itabwerera dzuwa lili paliwombo, zingwe zili momwe anazimangira.

Dalaivala anayang'ana foni yake. Hadiya, mwana wa ba Nuria, anayang'ana pansi. Ba Mwape, mwini watsopano wa nyumbayo, anaima pakhonde ndi bulashi ya penti m'manja. Ife aneba tinali kuseri kwa mipanda yathu, aliyense atapeza mwadzidzidzi chovala choti ayanike.

Nkhaniyi ndikulembera inu amene munalakwitsa poyera, pamaso pa anthu okudziwani dzina. Kulephera mayeso munthu amatha kubisa. Kanta sibisika.

Ba Nuria ndi telala. Makolo awo anachokera ku Mangochi kalekale. Amuna awo, malemu Abdul Hamid, anali mmisiri wa matabwa, ndipo nyumba ya ku Kabwata anaigula nthawi imene khonsolo inkagulitsa nyumba kwa anthu okhalamo. Amunawo atamwalira, ogula anayamba kugogoda, pakuti Kabwata ndi pafupi ndi tauni. Ba Nuria ankakana.

Tsiku lina ejenti anawaonetsa nyumba ku Woodlands. Zipinda zinayi, kapinga pabwalo, mawindo khumi ndi anayi. Inali yotchipa modabwitsa. Wogulitsa, ba Spencer, anati ndi ya malemu bambo ake ndipo iye ndiye woyang'anira chuma cha masiye.

"Ba mayo, mukachedwa, kuli muntu wina ali na ndalama pamanja," anatero.

Ba Nuria analibe ndalama pamanja. Chuma chawo chonse chinali makoma a ku Kabwata. Choncho anagulitsa mwachangu kwa ba Mwape, n'kusaina kuti atuluka pakatha masiku makumi atatu. Gawo lina la ndalamazo anapereka kwa ba Spencer ngati dipoziti.

Hadiya, amene nthawiyo anali kukoleji, anafunsa za chikalata cha umwini wa nyumba, chimene kuno timangoti taito.

"Amama, taito mwaiona?"

"Iwe, munthu watipatsa makiyi. Ukufunanso chiyani?"

Ndi makiyi amenewo anapita kukayeza mawindo onse khumi ndi anayi. Anagula nsalu ku Kamwala, yolemera, yamtundu wa uchi, n'kusoka masabata atatu osalandira ntchito ya munthu wina.

Lachisanu lomaliza anachita sadaka yotsanzika. Shehe anawerenga duwa, pemphero la Chisilamu, ndipo tinadya mpunga ndi nyama ya mbuzi, Asilamu ndi Akhristu pamkeka umodzi. Titatha kudya, ba Nuria anayamba kugawa katundu. Kabati ya magalasi inapita kwa uyu, bedi kwa uyo. Sofa ya maluwa ofiira inabwera kwathu, kwa amayi anga, bana Mwaba, mnzawo wa zaka zambiri.

"Za ku Kabwata zitsale ku Kabwata," anatero akuseka.

Sananene mwachipongwe. Koma anthu anadya mpunga, n'kusunga mawuwo.

Tsiku losamuka, kanta itafika ku Woodlands, anapeza loko watsopano pageti. Pambali pake panali mayi atakhala pampando wapulasitiki, ambulera m'manja. Anali ba Imelda, mlongo wake wa Spencer, wochokera ku Kitwe.

"Nyumba ya batata sigulitsiwa," anatero osadzuka n'komwe. "Tili bana faifi. Spencer sanatifunse."

Anali atalembetsa kale chiletso kuti nyumbayo isasinthe mwini. Foni ya Spencer inali yozimitsa. Ba Nuria anayesabe kiyi wawo m'loko uja, kawiri, dalaivala akuyang'ana kumbali. Kenako anakwera galimoto.

Umu ndi mmene anapezekeranso pageti la ku Kabwata ndi funso lija. Patapita kanthawi ba Mwape anaika bulashi pansi.

"Ba Nuria, nyumba nalipila kale, na bana banga babwela mawa. Koma ka kumbuyo kalibe muntu."

Ka kumbuyo kanali kanyumba kamene malemu Abdul Hamid ankasungiramo matabwa. Chipinda chimodzi, windo limodzi. M'menemo ndi mmene ba Nuria ndi Hadiya analowa, n'kuyamba kulipira lendi kuseri kwa nyumba yawo yomwe. M'mawa uliwonse ankamva chitseko cha kukhitchini chikulira, chija anachizolowera kuti uyenera kuchikweza pang'ono potsegula, ndipo ankadziletsa kukauza eni ake.

Kumsika mawu aja anawapeza.

"Shani ba Woodlands? Kuzizila kwanu uko?"

Ba Nuria anasiya kupita kumsika. Anasiyanso kusoka. M'mawa ankavala bwino, kutenga kachikwama, kukwera minibasi mpaka ku Intercity, siteshoni ya mabasi a maulendo ataliatali. Kumeneko ankakhala pabenchi pakati pa apaulendo, ngati akudikira mlendo, mpaka madzulo. Pamalo pamene aliyense ali ndi katundu komanso alibe nyumba pafupi, iwo ankapumako.

"Ba mayo, lelo ni Kitwe, Chipata olo Livingstone?" oitanira mabasi ankafunsa.

Sabata lachitatu mmodzi anauza anzake, "Basiyeni, aba ni ba landilodi ba benchi."

Onse anaseka. Ba Nuria anamwetulira nawo, n'kupita kuchimbudzi cholipiritsa kukalira.

Nthawi sinali kumbali yawo. Ndalama zotsala zinali kubanki, ndipo sanafune kuziika poti zibereke chiwongoladzanja, pakuti chipembedzo chawo sichilola. Nyumba zinkakwera mtengo mwezi ndi mwezi. Dipoziti ija inabwerako pang'onopang'ono kudzera kwa loya, ina sinabwere konse. Tsiku lililonse pabenchi, nyumba imene akanatha kugula inkachepa.

Kwathu nako manyazi analipo. Amayi anafunditsa sofa ija chitenje n'kuletsa aliyense kukhalapo. Tinali ndi mpando wabwino kuposa yonse mumsewu wathu, koma tinkaonera wailesi yakanema titakhala pansi.

Loweruka lina amayi anapita kukagogoda ku kanyumba kaja, ine ndikuwanyamulira mbale ya vitumbuwa. Tinapeza ba Nuria atakhala pathumba lalikulu.

"Amake Hadiya, sofa yanu nibweletse?"

"Ndiika pati, bana Mwaba? Padenga?"

Anayang'anana, kenako anaseka mpaka misozi. Sindikudziwa kuti misozi ina inali ya chiyani.

"Nanga ivi mwankalila ni vichani?"

"Makatani a nyumba ya eni."

"Gulitsani."

"Ndani angagule makatani a tsoka?"

"Katani ilibe tsoka, mwandini. Ili chabe na saizi."

Amayi ankapemphera ndi namwino wina, ba Lukonde, amene anali atangosamukira ku Avondale ndipo mawindo ake anali otchinga ndi mabedishiti. Ba Nuria anapita ndi thumba lawo ndi tepi yoyezera. Anafupikitsa apa, analumikiza apo. Makatani khumi ndi atatu anakwana. Imodzi yokha, ya pabalaza la ku Woodlands, inali yaikulu kwambiri moti inabwerera m'thumba.

Ba Lukonde anafunsa kuti munthu amakhala bwanji ndi makatani a nyumba yonse osagwirapo ntchito. Bodza linali kale pamilomo, loti kasitomala anathawa. Koma ba Nuria anali atatopa.

"Ndinagulitsa nyumba yanga ndisanagule inayo," anatero. Kanali koyamba kunena ndi pakamwa pawo.

Ba Lukonde sanawamvere chisoni chochititsa manyazi chija. Anathira tiyi n'kufotokoza mmene iwo anachitira. Pogulitsa nyumba yawo ya ku Roma, dera lina la mu Lusaka momwemu, analembetsa m'pangano kuti akhalamobe miyezi inayi akulipira lendi kwa wogulayo, mpaka mapepala a ku Avondale atatuluka. Ndipo asanapereke ngakhale ngwee imodzi, loya anakafufuza dzina limene linali pataito.

"Zimaloledwa zimenezo? Kugulitsa n'kukhalamobe?"

"Vonse viloledwa ngati mwalemba, ba Nuria. Muntu afunika chabe kupempa."

Ba Nuria anali asanapemphe. Anachita manyazi kuuza ba Mwape kuti nyumba inayo sinatsimikizike, poopa kuoneka ngati munthu wosadziwa zimene akuchita.

Kuyambira pamenepo benchi ya ku Intercity inasowa landilodi. Ba Lukonde anauza anzawo a kuchipatala, anzawo anauza abale awo. Munthu wofuna makatani nthawi zambiri amakhala atangosamuka, ndiye ba Nuria analowa m'nyumba zatsopano zambiri, ku Chelstone, ku Kabulonga, ngakhale ku Woodlands komweko, kumene ankatsika siteji imodzi patsogolo kuti asadutse pageti lija. Ali pamakwerero, mapini ali pakamwa, ankafunsa kasitomala aliyense funso limodzi.

"Munayamba n'chiyani, kugulitsa kapena kugula?"

Anamva zambiri. Bambo wina wa ku Kabulonga anayamba kugula, nyumba yakale n'kukhala miyezi isanu ndi itatu yopanda wogula, mpaka anaitaya motchipa banki itamuima pakhosi. Banja lina linagulitsa, n'kukakhala kwa apongozi chaka chathunthu, ndipo mkaziyo pofotokoza anatsitsa mawu ngakhale apongoziwo anali kutali. Ba Nuria anazindikira kuti sanali chitsiru chokha mu Lusaka. Enawo kanta yawo sinaonedwe basi.

Patatha zaka ziwiri anaitanidwa ku Chelstone ndi ba Chipasha, mphunzitsi wopuma pantchito. Ankafuna makatani a nyumba imene ankamanga kufamu yake ku Chongwe, ndipo miyezo anali atalemba kale pakapepala.

"Nyumbayo ili ndi denga?" ba Nuria anafunsa.

"Denga ikalibe."

Ba Nuria anabweza kapepalako. "Pepani, aphunzitsi. Sindisoka makatani a nyumba imene munthu sanagonemo."

Ba Chipasha anaseka, kenako anakhala pansi n'kunena vuto lake. Kuti afolere ku Chongwe anayenera kugulitsa ya ku Chelstone. Ogula analipo, a ndalama zabwino, koma onse ankafuna kuti atuluke pakatha mwezi.

"Manje ine na ba madamu tizagona kuti? Pansi pa nyenyezi?"

Ba Nuria anayang'ana nyumbayo. Zipinda ziwiri, mawindo asanu ndi awiri, simenti yosweka pakhonde. Sinali Woodlands.

"Ndalama zanga sizifika pa za anthu enawo," anatero. "Koma ine ndikupatsani miyezi isanu. Mufolere, muike zitseko, mukagonemo usiku umodzi. Mukatero mudzandipatse makiyi. Tilemba."

"Miyezi faifi? Imwe muzankala kuti?"

"Ndili ndi pokhala. Mpochepa, koma ndapazolowera."

Ulendo uno Hadiya ndiye anatsogola. Loya anafufuza taito. Akazi a ba Chipasha anasaina. Ba Nuria anaumirira kuti ana onse a m'banjamo aimbiridwe foni, ngakhale loya anati sizofunika. Ba Chipasha anakana ogula a ndalama zambiri aja n'kusankha miyezi isanu ija.

Ba Nuria sanauze munthu. Tsiku limene taito inatuluka m'dzina lawo, analowa m'nyumba mwathu, momwe zaka ziwiri zonse ankangoima pakhomo. Anachotsa chitenje pasofa ija, anachipinda bwinobwino, n'kukhala.

"Yakalamba," anatero akusisita maluwa ofiira aja.

Amayi anangoika ketulo pamoto.

Anakhalabe ku kanyumba ka kuseri ndi taito m'chikwama mpaka ba Chipasha atafolera, anthu kumsika akuwatchulabe ba Woodlands. Sadaka anachita atagona kale ku Chelstone masiku asanu ndi awiri.

Inu amene mukuganiza zosintha nyumba, musatuluke m'khomo lakale musanaone dzina pataito ya latsopano, ndipo tsiku lotuluka ndi tsiku lolowa zilembedwe pamodzi. Kupempha nthawi si umphawi. Ndipo inu amene kanta yanu inabwerera kale anthu akuona, amene lero muli pabenchi ina mukunamizira kudikira mlendo, dzukani. Manyazi sapereka lendi. Yang'anani chimene mwakhalira, mwina n'chimene munthu wina akuchifuna. Mtima usagwe, ulendo sunathe.

Tsiku lopachika makatani ku Chelstone ine ndinalipo. Pansi pa thumba panatuluka katani ija ya ku Woodlands, yamtundu wa uchi, yaitali kuposa khoma lenilenilo. Hadiya anaiyeza pawindo la pabalaza n'kutenga sizasi.

"Amama, apa titulutsapo ziwiri."

Ba Nuria anamulanda sizasiyo n'kuiika m'thumba la epuloni.

"Iyi sitidula. Tipachika momwe ilili, ikhwekhwereke pansi."