Mlenje Wopanda Mfuti ku Middlesbrough

Amuna anga anali mlenje tisanabwere kuno. Anakulira ku Ntchisi, m'mphepete mwa nkhalango, ndipo mfuti anayamba kuigwira akutsatira malume awo kuuzimba. Atakula analembedwa ntchito yolondera nkhalango yomweyo. Zimene zinatithamangitsa kwathu sindizilemba pano. Ndinazifotokoza kale kwa anthu ambiri a m'maofesi, ena akuyasamula.

Anatipatsa nyumba ku Middlesbrough, yogundana ndi zinzake uku ndi uku, khoma la kuchipinda lochita nkhungu. Ntchito sitinkaloledwa kugwira mpaka nkhani yathu ya asayilamu, yopempha kukhala kuno ngati othawa kwawo, itaweruzidwa. Ine ndinali ndi mwana woperekeza ku nazale, zochapa, ndi kwaya ya Lachinayi. Iwo analibe kalikonse. Munthu wozolowera kutandala m'tchire ankangochoka pabedi kupita pasofa.

Mng'ono wawo anachita mwayi, anapita ku America, kudera la kumidzi, kumene ankagwira ntchito yocheka matabwa. Chaka chathu chachitatu kuno, masamba atayamba kuyoyoka, alamu angawo anatumiza zithunzi pafoni. Anzawo a kuntchito anali atawatenga kokasaka agwape a mchira woyera. Pa chithunzi china anali atagwada, atavala jekete la mtundu wa lalanje, atagwira nyanga za gwape wamphongo wamkulu ngati thole la ng'ombe. Kenako anaimba foni.

"Achimwene, kuno nyama ndi mbwee! Umangokwera mumtengo, pali kampando, n'kumadikira. Koma akangomva fungo lako amaimika mchira, woyera mbee, basi wapita."

"Iwe amene unkaopa kuzinga nkhuku?" anatero amuna anga uku akuseka.

Atadula foni kuseka kunatha. Anakhala akukulitsa chithunzicho ndi zala, kuyang'ana pamene chipolopolo chinalowera.

"Analasa pamimba. Nyamayi inavutika," anandiuza.

Kuyambira pamenepo ankaonera mafilimu a ulenje wa ku America pafoni, azungu akunong'onezana m'mitengo, masamba ofiira ali ponseponse. Tsiku lina kutchalitchi mkulu wina wachingelezi anawauza kuti agwape aliko ndi kuno komwe, m'mapiri amene amaonekera kuseri kwa tauni. Mawa lake anakwera basi mpaka kumene imathera, n'kukwera phiri wapansi. Anabwera madzulo thalauza lili matope okhaokha, maso akuwala.

"Mayi, alipo! Ndi aang'ono kusiyana ndi a mng'ono wanga, koma kumbuyoku n'koyeranso. Ndaona mapazi, ndaona pamene anagona."

Ankapita pafupifupi tsiku lililonse. Kushopu ya kaunjika anapezako ndodo yoyendera, yakuda, yachitsulo, chifukwa njira inali yoterera. Ankadya bwino, ankagona tulo. Loweruka lina anandikakamiza kuti tipitire limodzi, mwana tinamusiya kwa mnzanga wa ku Zambia. Kunali mphepo yolowa m'mafupa. Ananditsogolera mozungulira kuti mphepo izitiomba kumaso, n'kundikhazika pansi kuseri kwa zitsamba zaminga. Tinadikira mpaka miyendo yanga inachita dzanzi. Kenako anatulukira gwape wamkazi ndi mwana wake, akudya masamba, makutu ali petupetu. Amuna anga anakweza ndodo ija pang'onopang'ono, kuiika paphewa, kutsinzina diso limodzi. Anakhala choncho osapuma. Kenako anaitsitsa.

"Ameneyo ndikanamusiya, ali ndi mwana," anandinong'oneza.

Ndinawayang'ana. Ndinkafuna kuwauza kuti asamachite zimenezo pamalo poyenda anthu, koma nkhope yawo inali ija ndinaidziwa tili achinyamata.

Sabata yotsatira, masana ndikusita, foni inalira. Anali apolisi. Anati ndipite ndi makadi athu a asayilamu. Ndinamutenga mwana ku nazale, tinakwera mabasi awiri.

Amuna anga ndinawapeza atakhala pabenchi, matope kuyambira pachipumi mpaka pamawondo. Wapolisi wamkazi anandifotokozera mwaulemu. Mayi wina woyenda ndi galu anaona munthu atabisala m'zitsamba akuloza ndi chinthu chachitali, anaimba foni. Palibe mlandu, anatero, amuna anu ndi omasuka. Anapepesanso. Ndodo anatibwezera ili m'pulasitiki.

Tinakwera basi yobwerera. Mwana anawafunsa m'Chingelezi chifukwa chake anali akuda choncho, iwo anangomusisita mutu. Titatsika m'pamene anandiuza.

"Anabwera ndi mfuti zenizeni. Anandigoneka chafufumimba, nkhope m'matope, wina bondo pamsana. Sindinawamve akubwera, mayi. Ine, sindinawamve."

"Koma atisiya, bambo. Akuti palibe mlandu."

"Dzina analemba."

Ndodoyo anaiponya mubini ya pakona pa msewu wathu.

Sanapitenso kuphiri. Loya wathu anatitsimikizira kuti zimenezo sizikhudza nkhani yathu, koma iwo sanakhulupirire. Galimoto ikaima panja ankadzuka kukasuzumira pakatani. Munthu akagogoda ankakhala duu, osayankha. Kutchalitchi anasiya, ati anthu akuwaloza. Mkulu wachingelezi uja anabwera kudzawaona, atanyamula nyama ya gwape imene mnzake anamupatsa. Ndinaiphika ndi anyezi ndi tomato, fungo kudzaza nyumba yonse. Anadya nthuli imodzi chifukwa cha ulemu kwa mlendo, kenako anakwera kuchipinda. Ndinawamva akusanza.

Alamu anaimbanso nyengo yosaka itatha, akunena kuti firiji yadzaza.

"Chaka chamawa mubwere, achimwene, mudzawaonetse azunguwa kasakidwe."

"Chabwino," anayankha, n'kundipatsira foni.

Chisanu chitafika pachimake, yankho lathu linabwera. Anatikana. Sanatchule za kuphiri, anangoti nkhani yathu siyokhutiritsa. Tinachita apilo, inakanikanso. Nyumba anatilanda, ndipo banja lina la kwathu linatilandira ku Bradford, m'kachipinda ka pamwamba penipeni, kamene munthu wamtali sangaimirire bwino. Dokotala wa kumeneko anawapatsa mapiritsi oti mtima ukhale m'malo. Anawanenepetsa, n'kuwachititsa kugona mpaka masana.

Ndinayesa zambiri. Ndinaitana abusa, anapemphera mpaka thukuta. Ndinawapezera amuna anzawo a mpira kuti aziwatenga Loweruka, anapita kamodzi. Mwana atayamba sukulu ndinawapempha kuti azimuperekeza, ndi pafupi, kungowoloka msewu umodzi. Anavala jekete, anafika pakhomo, anagwira chitseko, n'kuima.

"Pitani ndinu, mayi. Ine mawa."

Mawa lakelo linatenga zaka. Mapepala otilola kukhala kuno tinadzawapeza pamapeto pake, titayambiranso nkhani yonse, ndipo ine ndinalowa ntchito yosamalira okalamba. Anzanga anandichitira phwando, tinavina m'holo ya tchalitchi. Iwo anatsala kunyumba. Nditabwera ndinawaonetsa khadi lawo, lokhala ndi chithunzi chawo ndi chilolezo chogwira ntchito. Analitembenuza uku ndi uku.

"Lisungeni ndinu," anatero. "Ine ndingalitaye."

M'mawa ndikamanyamuka ndimawasiyira tiyi m'fulasiki ndi buledi wopakapaka kale, chifukwa ndikapanda kutero sadya. Kuntchito ndimasambitsa amuna a eni, kuwameta ndevu, kuwanyengerera kuti atuluke panja akawothere kadzuwa. Ambiri amavomera.