Mpando Umene Ndinasenzera Kumunda wa Tiyi

Masiku amenewo wailesi yakanema kunalibe, kanema ankabwera pagalimoto ya boma. Tsiku lina pa Chonde anationetsa mayi akuyamwitsa mwana atatsamira pampando, wopanda changu chilichonse. Ndinachita manyazi. Malemu akazi anga ankathyola tiyi kuesiteti, ndipo ine, pokhala mlonda wausiku, ndinkawapititsira khanda lathu masana. Ankaliyamwitsa chiimire, dengu lili kumsana.

Ndinakhoma mpando, n'kuusenza pamutu mpaka kumunda, mwana nditamubereka. Amayi anzawo anasiya kuthyola n'kuyamba kundiimbira nthungululu.

"Bambo a mwana," anatero akazi anga, "mayi wanu wam'kanemayo ali ndi kapitawo? Ine ndikakhala pansi sindidzaza dengu, ndiye mawa ntchito yatha."

Ndinati ndiwathyolera ndine. Anakhaladi, mwana n'kuyamwa mpaka kugona. Koma kusikelo masamba anga anakanidwa, poti ndinathyola okhwima okhaokha, ndipo kapitawo anawachenjeza akazi anga pamaso pa anthu.

Mawa lake akazi anga anayamwitsanso chiimire. Mpandowo ndikadali nawo, ndimawerengerapo Baibulo. Zaka zonsezi, woupumulirapo ndakhala ndili ine ndekha.