Za Chule wa Pulasitiki pa Damu la Mulunguzi

1. CHIVOMEREZO CHA INE, EFRAIMU WISIKESI MAKWINJA

Ndikulemba pofuna kudziwitsa anzanga onse owedza pa damu la Mulunguzi kuti nsomba yaikulu ya mtundu wa basi imene ndinagwira chaka chino, imene inaposa za onse, sinadye chule wa pulasitiki monga ndinanenera. Inadya nkhululu imene ndinakumba kuseri kwa bafa kwathu.

Chule ameneyu anandibweretsera kuchokera ku Joni ndi alamu anga, a Chikaonda. Tsiku limene ndinagwira nsombayo, anthu atandizungulira, iwo anafunsa mokweza kuti, "Alamu, si ntchito ya chule wanga uja imeneyi?" Ine ndinayankha kuti, "Ndi yemweyo," nkhululu zotsala zikundikanda m'thumba la jekete.

Chiyambire tsiku limenelo mtendere ndilibe. Loweruka lililonse alamu amakwera nane phiri kupita ku damu, n'kukhala pafupi kwambiri kuti aphunzire luso langa, ndipo ine ndimaponya chule m'madzi mpaka dzuwa kupendeka. Zimene wagwira kufikira lero ndi udzu ndi nthambi ya paini. Iwo amangoti, "Mkono wanu wauma lero, akulu," ngati kuti vuto ndi mkono. Mayi a kunyumba anasiya kudikira nsomba, amagula matemba ine ndisanatsike.

Choncho ndikupempha kuti mmodzi mwa inu awawerengere alamu kalata ino, poti ine pamaso pawo ndalephera. Achite zimenezi msanga, chifukwa ayamba kunena zoitanitsa chule wachiwiri.

Ndine wanu,
E. W. Makwinja
Lolemba loyamba la mwezi wa Malichi