Chitseko cha Ofesi Yanga

Ndinaganiza zochoka ku Nkope chaka chimene amuna anga anamwalira. Malipiro a unamwino sankakwanira kulera ana atatu, choncho ndinawasiya kwa mayi anga n'kukalowa ntchito pa chipatala cha mgodi ku Zambia.

Ndinakhalako zaka khumi ndi chimodzi. Ndalama ndinkatumiza mwezi ndi mwezi, koma makalata akumudzi ankafika atamatidwa kawiri, ngati kuti wina wawatsegula m'njira, ndipo mayi ankangolemba za mvula ndi usipa. Loweruka ndinkasitanso yunifolomu yosita kale, posowa wocheza naye. Kumeneko ndiko ndinaphunzira kudzudzula wantchito mwaulemu: kumuitanira mu ofesi, kutseka chitseko kuti asachite manyazi, kuyamikira zimene amachita bwino, kenaka kutchula cholakwa.

Nditabwerera, anandipatsa kachipatala kakang'ono kufupi ndi Monkey Bay. Mwezi woyamba ana anayi anabwera atatupa pamene tinawabaya jakisoni. Wowiritsa masingano anali Abiti Saidi, mayi wakhama, koma ankawaphula madzi asanawire bwino pothamangira kokonzekera magule a chipani. Analinso wapampando wa amayi a chipani m'deralo. Ine ndinali munthu wochokera ku Zambia, dziko limene ankati kumabisala oukira boma. Liwu limodzi lomveka ngati ndikunyoza magule likanandichotsa ntchito, mwinanso kundisowetsa. Masabata awiri ndinkangoyang'ana poto wowiritsira masinganoyo. Kenaka mwana wachisanu anabwera ndi mwendo wotuluka mafinya.

Ndinawaitanira Abiti Saidi mu ofesi, n'kugwira chitseko kuti nditseke.

“Chisiyeni chotsegula, Sisitala,” anatero.

“Ndikufuna kukusungirani ulemu, amayi.”

“Ulemuwo ndawuona. Koma mukatseka, mawa achipani andifunsa zimene mwanena, ndipo sakhulupirira kuti zinali za masingano. Ndidzasowa chowauza, ndiye adzapeka okha.”

Ndinachotsa dzanja pachitseko. Ndinalankhula chitseko chili pululu, odwala pabenchi akumva zonse. Ndinayamikira ukhondo wa chipinda chawo, ndipo ndinati masingano aziwira mphindi makumi awiri, osachepera. Za magule sindinatchule.

“Nanga bwanji simunanene kale?” anafunsa. “Anamwino aja analipo inu musanabwere ankangondimwetulira. Mdzukulu wanga nayenso anatupa chaka chatha, ine osadziwa chifukwa.”

Kuyambira tsikulo ankafika m'mamawa kwambiri, kuti poto awire nthawi ya magule isanakwane. Mwana wa mwendo uja anachira, ngakhale kuti amatsimphina pang'ono mpaka lero.

Kwa zaka zonse zija ndinkaganiza kuti mayi ankalemba za usipa chifukwa chosowa nkhani. Kwathu anthu anali atasiya kuuzana zolakwa, osati chifukwa cha ulesi, koma chifukwa aliyense ankaopa mnzake, ngakhale uyo amene ife tinkamuopa. Ndagwira ntchito pano zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, ndipo sindinayitanirenso munthu m'chipinda chotseka.