Bilimankhwe wanu wafiila ine kulibe

Lelo kwacha kozizila, kamphepo kakuwomba mapesi, ng'ombe zikulila m'khola. Kenako ndamva injini ya galimoto yanu yakale ija, Adada. Patha chaka kuchokela pamene tinakuikani m'manda. Ndakumbukila sipidomita yake yosintha mitundu malinga ndi liwilo, imene munkaitcha bilimankhwe. Munavutika kuikonza dzinja lonse, mpaka tsiku lija tinakaiyesa awiliwili pa msewu wa ku Magodi. Inayamba yobiliwila, kenako yachikasu, ine n'kukuwa kuti, "Pondani, Adada, ifiile!" Munaseka, n'kuchotsa phazi chifukwa cha matope. "Mwana wane, kufiila tidzakuonela limodzi msewu ukauma." Msewu unauma inu mutapita.

M'mawa uno akulu anga a Mabvuto aliza galimotoyo ine ndikuvala yunifomu. Pampando wanga akhazikapo mnzawo, munthu amene sanagwileko n'komwe sipanala yanu. M'kalasi sindinamve chilichonse. Madzulo abwela awiliwo, fumbi mpaka m'nsidze, akuseka kuti bilimankhwe wafiila kuti psuu. A Mabvuto akuti mawa anditenga ndikaone. Ndawauza kuti ndili ndi mayeso.