Maswiti amene ndinkatumizira Elube

Ndinaganiza zochoka chaka chimene matalala anawononga fodya wathu. Bambo a Elube anali atapita kukagwira ntchito ku esiteti, osatumizanso mawu. Mwanayo ndinamusiya ali ndi zaka zitatu kwa akulu anga, a Nabanda, kumudzi kwathu kuseri kwa Malomo. Ndinakwera basi ya ku Lilongwe khadi la chipani nditalimanga pamfundo ya chitenje.

Ndinapeza ntchito yolera khanda la a Nachisale, mayi amene ankaphunzira ntchito ya mano ku sukulu ya zachipatala. Ndinkagona m'khitchini. Sindinkadziwa munthu, ndipo Lamulungu ndinkangokhala kuseri kwa nyumba n'kumayang'ana ana a eni ake akusewera.

Loweruka anzawo a kusukulu ankabwera kudzacheza, ine ndikuwathirira tiyi. Tsiku lina ankakambirana kumene adzagwire ntchito akamaliza. Bambo wina wonenepa anati, "Ine ndiye ku Blantyre, kukaika mabwana mano oikirira. Inu a Nachisale mwati ana? Mano a ana amaguluka okha, mukachiza chiyani?"

"Inu simunachezerepo ndi mwana wodwala dzino," anayankha a Nachisale. "Likawola, limawononganso limene likubwera pansipo. Shuga ndi maswiti zikuwatha ana."

Ndinamva, koma manyazi anandiletsa kufunsa. Mwezi uliwonse ndinkapatsira kondakitala wa basi ya kwathu paketi ya shuga ndi maswiti kuti akapatse Elube. Kulemba sindimatha bwino, ndiye maswitiwo ndi amene anali kalata yanga. Ndinkadziuza kuti zimene ankanenazo n'za ana a m'tauni. Mpaka lero ndimadzifunsa kuti chinandivuta n'chiyani kungotsegula pakamwa.

Ndinabwerera patatha zaka ziwiri, nthawi yokolola. Elube anandilonjera atagwada, dzanja lili pakamwa. Nditalichotsa dzanjalo ndinaona mano akutsogolo atada, ena atatsala zitsa, tsaya limodzi litatupa.

"Ankakulira kwambiri," anatero akulu anga. "Ndiye tinkamuuza kuti tonthola, amako akupatsa switi. Ankagona ili m'kamwa. Usadandaule, ndi achibwana amenewo, aguluka."

Ine amene sindinawatsutsepo chibadwire ndinati, "Ayi achemwali, mawa tipite naye ku chipatala." M'mawa mwake Elube anamubereka okha, ngakhale anali wamkulu kale.

Kuchipatala cha mishoni anamuzula mano anayi. A dokotala anati za mano amene akubwerawo tidikire, tidzaona akamera. Akumuzula loyamba, Elube analira kuti, "Amayi!" Ndinanyamuka pabenchi msangamsanga. Koma manja ake anatambasulira akulu anga, ndipo iwo anamugwira mutu monga munthu wozolowera.

Ndinakhalanso pansi. Ku Lilongwe ndinkaganiza kuti malo anga kwathu akundidikira. Mudzi unamulera mwana wanga bwinobwino popanda ine, ndipo chimene anachidziwa kuti n'chochokera kwa ine ndi chimene chinkamupwetekacho.

Ku Lilongwe sindinabwererenso.